Matambula akale a m'kabati: njira iti ingakuuzeni zaka zake ndi mtengo wake?

Nyumba zambiri kuno ku Lilongwe, kaya ndi ku Area 18, ku Kawale, ku Falls kapena ku 47, mukalowa pabalaza mupeza kabati ya magalasi ija, mkati muli matambula oti palibe amamwera, amangotuluka pa Khirisimasi kapena kukabwera akuchimuna kudzakamba za chinkhoswe. Ena anali mphatso ya ukwati wa amayi, ena agogo aamuna anabwera nawo kuchokera ku Joni nthawi ya Wenela, ena anagulidwa pa okushoni mzungu wina akubwerera kwawo. Nde masiku ano poti aliyense ali ndi foni ndipo anamvapo zoti kunja kapu imodzi yakale imatha kugulidwa ndalama zankhaninkhani, mafunso ayamba kuchuluka, kuti kodi athuwa ndi a chaka chanji, anapangidwa kuti, nanga titati tigulitse angatipatse zingati.

Njira zofufuzira zilipo zingapo koma sizofanana mphamvu, ndipo zimene anthu amazikhulupirira kwambiri ndi zomwe ine ndimaziona kuti ndi zofooka. Chimodzi tigwirizane kaye: ogulitsa zinthu zamakedzana ndi a kasitomu m'maiko ambiri amawerengera chinthu kuti ndi antique chikapitirira zaka 100. Tambula ya 1965 sinafike pamenepo ngakhale ili yaikulu kuposa ambiri a ife, ndipo zimenezi zimakhudza mtengo.

Njira yomwe aliyense amathamangira ndi yogogoda ndi chala n'kutchera khutu. Ikalira kuti ngwiii nthawi yaitali anthu amati eya iyi ndi kiristo yeniyeni yakale, kutanthauza galasi lapamwamba lija Azungu amati crystal, ikangoti go amati ndi ya ku China. Muli choonadi pang'ono mmenemu. Mu 1674 munthu wina ku London dzina lake George Ravenscroft analandira chilolezo cha mfumu chopangira galasi la mtundu watsopano, ndipo patapita zaka zochepa anayamba kuthiramo mtovu, galasi lija n'kukhala lolemera, lowala komanso lolira bwino. Vuto ndi loti galasi la mtovu akulipangabe mpaka lero, ndiye kulirako kukukuuzani za zomwe zili m'galasimo basi, osati zaka zake. Komanso kulira kumadalira kaumbidwe, kapu ya vinyo yopyapyala yotambalala kukamwa imalira ngakhale mulibe mtovu, pomwe tambula yaifupi yokhuthala pansi ingakhale ndi mtovu wambiri koma osalira kwenikweni. Magalasi akale a ku Venice ndi ambiri a ku Bohemia analibe mtovu, fakitale ya Moser ya ku Karlovy Vary yomwe inayamba mu 1857 imatchuka ndi galasi lopanda mtovu, koma zinthu zake ndi zodula kwambiri. Pomwe kugogoda kumathandiza zenizeni ndi pofufuza mng'alu, pa seti ya makapu sikisi ofanana imodzi ikalira mosiyana ndi inzake, iyang'anitsitseni, kawirikawiri imakhala kuti inang'aluka penapake posaoneka kapena si ya banja limenelo.

Njira yomwe ine ndimaikonda kuposa zonse, yaulere, yosafuna bandulo kapena magetsi, ndi yongotembenuza tambulayo n'kuyang'ana kunsi kwake pa dzuwa, kenako kupapasa ndi chala. Kuti muimvetse muyenera kudziwa mmene ankapangira. Mmisiri ankatenga galasi losungunuka mu ng'anjo pa nsonga ya paipi yachitsulo, n'kuuzira mpaka lifufume, ndiye kuti akonze kukamwa kwake ankamata chitsulo china kunsi n'kudula kumene kunali paipi kuja, akamaliza ankathyola chitsulo chachiwiri chija. Pamene anathyolapo pamatsala chipsera ngati mchombo wa munthu, odziwa amachitchula kuti pontil. Pa makapu a zaka za m'ma 1700 chipserachi chimakhala chokhakhala, mwina chakuthwa moti chingakuchekeni, n'chifukwa chake phazi la kapu ankalipanga lokwera chapakati kuti chipseracho chisakande tebulo. Chakumapeto kwa zaka zimenezo anayamba kumachipala, pamatsala kadzenje kozungulira kosalala kopanda kuya. Kuyambira cha m'ma 1860 mafakitale ambiri anayamba kugwira phazi ndi chopanira m'malo momata chitsulo, ndipo kunsi kumaoneka kamzere konga T kapena Y.

Mukapanda kupeza chipsera chilichonse, funani msoko. Yendetsani chikhadabo mozungulira mwendo wa kapu kapena m'mbali mwa tambula, mukamva kamzere kotukuka kotsika kuchokera kumwamba mpaka pansi, pena kawiri pena katatu, dziwani kuti imeneyo inatuluka m'chikombole. Kudinda galasi m'chikombole ndi makina kunayamba ku America m'ma 1820 ndipo ku England kunafala pambuyo pake, choncho cha msoko wotere kawirikawiri si cha nthawi ya Ravenscroft. Koma musachitaye msanga, zodinda zina ndi za m'ma 1880 ndipo zapitirira kale zaka 100. Zokongoletsa zake zimakuuzaninso, zosemedwa pa gudumu zimakhala ndi m'mphepete mwakuthwa mukapapasa, zodinda zimakhala zobulungira ngati zasungunuka pang'ono. Mlomo nawonso, ukakhala ndi kamkombero kokhuthala kozungulira kofanana mbali zonse, imeneyo ndi ntchito ya makina a masiku ano.

Chinanso choti muone kunsiko ndi kuperepeseka. Kapu yomwe yakhala ikuikidwa ndi kuchotsedwa pa tebulo zaka zambirimbiri imakhala ndi kamzere kotuwa kozungulira pamene phazi limagunda pansi, ndipo mukaonera pafupi, kamera ya foni imathandiza mukaikulitsa, timizere take timaloza mbali zonse mosalongosoka. Achinyengo amakhula ndi sandipepa, koma timizere tawo timalowera mbali imodzi ndipo pena timafika ndi malo oti sakhudza n'komwe tebulo. Pa makapu a vinyo a ku England a m'ma 1700 phazi limakhala lotambalala kuposa kukamwa, galasi lake lotuwirako osati loyera mbee, ndipo kapuyo ukaiyang'anitsitsa imapendekeka pang'ono.

Kufooka kwa njirayi ndi kwakuti anthu akadali kuumba magalasi pamanja. Ku Eswatini kuli Ngwenya Glass yomwe inayamba mu 1979, amasungunula mabotolo akale n'kupanga makapu, ku Kenya kuli Kitengela, ndipo zinthu zawo zimafika kuno ndi anthu oyenda komanso m'maloji. Zimakhala ndi timathovu ta mpweya mkati, zopendekeka, zina ndi chipsera kunsi. Ndiye amene akukuuzani kuti onani thovu ili, ndi yakale iyi, sanakuuzeni kanthu. Thovu ndi chipsera zimati ndi ntchito ya manja, kuperepeseka kwa phazi ndi mtundu wa galasi ndi zomwe zimawonjezera kuti ndi ya kale.

Mabuku a azungu amataya masamba ambiri pa kaumbidwe ka mwendo wa kapu, ndipo nkhani yake ndi yokoma ndithu. Kuyambira cha m'ma 1690 mpaka m'ma 1720 makapu a ku England anali olemera, mwendo wake wonenepa wa mfundo zikuluzikulu, amawatchula kuti baluster. Mu 1745 boma lawo linaika msonkho pa galasi potengera kulemera, ndipo makapu opepuka anachuluka, kukongola n'kumakufuna m'njira zina. Pamenepo ndi pomwe panafala miyendo yokhala ndi timizere ta mpweya topotana mkati, air twist, cha pakati pa 1745 ndi 1770, kenako ya timizere toyera ngati mkaka cha pakati pa 1755 ndi 1780, kenako miyendo yosemedwa mbalimbali mpaka cha m'ma 1800. Ku Ireland msonkhowo sunafike mpaka 1825, n'chifukwa chake fakitale ya Waterford yomwe abale a banja la Penrose anatsegula mu 1783 inkapanga zokhuthala zosemedwa mwakuya. Msonkhowo unathetsedwa mu 1845. Zonsezi ndi zoona, koma tinene chilungamo abale anga, mwayi wopeza kapu yotere m'kabati ya ku Chilinde ndi wochepa zedi. Amishoni a Livingstonia anafika mu 1875, a Blantyre mu 1876, kampani ya African Lakes yomwe tinkaitchula kuti Mandala inayamba mu 1878, ndiye kapu ya 1760 kuti ipezeke kuno inayenera kubwera ili kale chuma cha banja la winawake. Komanso miyendo yopotana ija anaitsanzira kwambiri m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900. Mukaipeza musaigulitse kwa munthu woyamba kukupatsani ndalama, komanso musayambe kuwerengera zogula poloti.

Zomwe zimapezeka kwenikweni kuno ndi kiristo yosema ya ku England ndi ku Czechoslovakia, zodinda, ndi matambula olimba aja a ku France. Pa zimenezi njira yamphamvu ndi ya zidindo. Zambiri zimakhala zosaoneka bwino, ngati mpweya wa m'kamwa pa windo, ndiye tsukani kaye, ikani pa nsalu yakuda n'kumapendeketsa pang'onopang'ono pafupi ndi khomo. Pa zodinda za ku Britain mukapeza kachizindikiro konga dayamondi kokhala ndi zilembo ndi manambala m'ngodya, chojambulacho chinalembetsedwa pakati pa 1842 ndi 1883, ndipo zilembozo zimasonyeza chaka, mwezi ndi tsiku lomwe. Kuyambira 1884 anasintha, anayamba kulemba Rd ndi nambala, ndipo nambalayo mukhoza kuifufuza pa intaneti n'kupeza chaka. Kamutu ka pikoko ndi ka fakitale ya Sowerby ya ku Gateshead. Dzina la Waterford lolembedwa kunsi kawirikawiri likutanthauza zaka za pambuyo pa nkhondo yachiwiri, chifukwa fakitale yoyamba ija inatsekedwa mu 1851 ndipo ina inadzatsegulidwa mu 1947. Baccarat ya ku France inayamba kudinda kachidindo kake kozungulira pa makapu ake onse mu 1936, kale ankangomata kapepala. Pa zinthu za Lalique, kampani inanso ya magalasi ya ku France, R ikakhala patsogolo pa dzina ndiye kuti ndi za nthawi ya mwini wake René Lalique yemwe anamwalira mu 1945.

Dzina la dziko nalo ndi kalendala. Czechoslovakia inalipo kuyambira 1918 mpaka kumapeto kwa 1992, West Germany kuyambira 1949 mpaka 1990, ndiye kasitika kagolide kaja kotsalira pa kapu imodzi mwa sikisi musakamatule, kamodziko kakuimira seti yonse. Duralex, matambula aja oti akagwa amadumpha osasweka koma tsiku losweka amangoti phwaa kukhala timiyala, dzinalo linayamba mu 1945, ndipo nambala yomwe ili kunsi kwake ndi ya chikombole, si chaka, ambiri amasokonezeka pamenepo. Kufooka kwa zidindo ndi koti makapu akale kwambiri alibe chidindo chilichonse, komanso mayina odula ngati Lalique achinyengo amawalemba pa zinthu wamba. Chidindo chizigwirizana ndi ntchito yake, dzina lalikulu pa kapu ya msoko wokhakhala ndi bodza.

Palinso matambula olembedwa kapena ojambulidwa zochitika, ndipo awa ndi omwe ine ndimawaona kuti tikuwapeputsa. Ya kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II ndi ya 1953. Yolembedwa Rhodesia and Nyasaland ndi ya nthawi ya chitaganya, 1953 mpaka 1963. Yolembedwa Nyasaland yokha mwachidziwikire ndi ya tisanalandire ufulu pa 6 July 1964. Tambula ya Carlsberg ya kuno siingapitirire 1968 kubwerera mmbuyo, chaka chomwe fakitale yawo inatsegulidwa ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Galasi lake ndi wamba, la makina, koma za kuvekedwa ufumu zija zinapangidwa zochuluka kwambiri moti ku England zili mbwee, pomwe za dziko lathu ndi ndani anazisunga? Zambiri zinasweka m'mabala ndi m'marestihausi. Amene ali nayo aisunge bwino.

Tsopano njira yomwe mabuku aja satchula kwenikweni koma kuno imagwira ntchito kuposa tochi ndi foni: kufunsa akuluakulu akadali moyo. Musafunse kuti agogo, tambula iyi ndi ya chaka chanji, sakuyankhani, kapena angokuuzani kuti ndi yakalekale mwanawe. Funsani potengera zochitika. Agogo, matambula awa munawapeza amalume atabadwa kapena asanabadwe? Munagula ndi mapaundi kapena ndi makwacha? Funso limenelo lokha ladula kale pakati, poti kwacha inayamba mu 1971. Munali mudakali ku Zomba kapena mutasamukira kuno? Likulu linasamuka mu 1975 ndipo mabanja ambiri a ogwira ntchito m'boma anabwera ndi katundu wawo m'zaka zimenezo. Agogo aamuna anabwera nawo ulendo woyamba wa ku Joni kapena womaliza? Kulemba anthu a Wenela kunaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Munagula ku Kandodo, kwa Mandala, kapena kwa amwenye ku Old Town? Kenako pemphani azakhali akuonetseni zithunzi za ukwati, pena tambula yomweyo mumaiona pa tebulo pafupi ndi keke. Jambulani mawu awo pa foni, mutawapempha kaye.

Njirayi ili ndi malire ake. Ikukuuzani nthawi yomwe chinthucho chinalowa m'nyumba, osati yomwe chinapangidwa, ndipo nkhani za m'banja zimakula zikamadutsa m'kamwa mwa anthu, bwana wa pa esiteti amasanduka DC, DC amasanduka bwanamkubwa. Koma taonani mmene imagwirira ntchito mukaiphatikiza ndi chidindo. Chidindo chimakupatsani malire a kumbuyo, kuti sichingakhale chakale kuposa chaka chakuti. Agogo amakupatsani malire a kutsogolo, kuti pofika chaka chakuti chinali kale m'nyumba. Kasitika kakati West Germany ndipo agogo akuti anagula ndi mapaundi, mwatsekera seti yanu pakati pa 1949 ndi 1971 musanagule bandulo ndi imodzi yomwe. Kwa ine njira ziwirizi pamodzi ndi kutembenuza kuja zimayankha mafunso ambiri a matambula a m'makabati athu.

Nanga tochi ya UV? Ndi ija amaunikira ndalama pofuna kuona ngati ndi za feki. Usiku magetsi akazima ndi nthawi yabwino yoyesera. Galasi lachikasu kapena lobiriwira lomwe likuwala girini wamphamvu mukaliunika lili ndi yureniyamu, mwala womwe uja wa ku Kayelekera ku Karonga, ankauthira pang'ono kuti upereke mtundu kuyambira m'ma 1830. Ku America anasiya nthawi ya nkhondo yachiwiri boma litatenga yureniyamu yense, n'kudzayambiranso chakumapeto kwa m'ma 1950, ndipo mafakitale ena akupangabe, choncho kuwalako kumakoka ogula, alipo anthu osonkhanitsa zimenezi zokha, koma sikukupatsani chaka. Galasi loyera lomwe likuwala mofooka chikasu chobiriwirako nthawi zambiri lili ndi manganese, yemwe ankamuthira pochotsa kubiriwira kwa mchenga makamaka isanafike 1920, ndipo ndi yemweyo amapangitsa kuti galasi lokhalitsa pa dzuwa lisanduke pepo pang'ono. Kuti muone zimenezi pamafunika tochi ya 365 nm, zambiri zotchipa ndi za 395 nm ndipo zimangoonetsa yureniyamu. Tochi ndi mboni yowonjezera basi, sindingauze munthu kuti agule ngati ali ndi seti imodzi yokha.

Sikelo ya kukhitchini, ija ya manambala yomwe amayi ophika makeke ali nayo, imayankha funso la mtovu bwino kuposa khutu. Yezani kapuyo mulembe magalamu ake. Kenako ikani chidebe cha madzi pa sikelo, bwezerani pa ziro, mangani kapu ndi ulusi n'kuimiza yonse m'madzimo osakhudza pansi kapena m'mbali, mpweya usatsalire mkati, mulembe nambala yomwe yatuluka. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. Galasi wamba limatuluka cha pa 2.5, kiristo ya mtovu imayambira pa 2.9 kukwera. Malamulo a ku Ulaya a 1969 amati kuti galasi litchedwe lead crystal liyenera kukhala ndi 24 peresenti ya mtovu, la 30 peresenti ndiye full lead. Kapu ya mwendo wamphako imapusitsa sikelo, kumbukirani zimenezo.

Foni ndi yomwe achinyamata amayambira. Google Lens, ija yofufuzira chinthu pogwiritsa ntchito chithunzi chake, imachita bwino pa matambula amitundu, ojambulidwa, ndi zodinda za maluwa oonekera, koma pa galasi loyera imasokonezeka, imakubweretserani makapu zana ofanana pang'ono ndipo maso amathamangira pa yodula kwambiri. Jambulani pa nsalu yakuda pafupi ndi windo, osayatsa fulashi, kamera ikhale mulingo umodzi ndi kapu. Ku America kuli kampani yotchedwa Replacements yomwe ntchito yake ndi kugulitsa mbale ndi makapu olowa m'malo mwa zosweka, ali ndi zithunzi za mitundu yosawerengeka ndipo amathandiza kuzindikira dzina la chojambula mukawatumizira chithunzi. Pa kiristo ya m'ma 1950 mpaka m'ma 1980 iwowo ndi abwino kuposa Lens. M'magulu a pa Facebook a anthu osonkhanitsa magalasi akale muli odziwa zenizeni, koma adzakufunsani zomwezi, kunsi kukuoneka bwanji, ndi yaitali masentimita angati, pali msoko kapena ayi, ndiye ntchito ya maso ndi chala ija siithawika.

Tibwere pa mtengo, pomwe mitima imasweka. Tambula imodzi ili ndi mitengo itatu yosiyana malingana ndi komwe yaima. Kwa mavenda a ku Tsoka kapena mumsika waukulu ku Area 2, tambula ndi chomwera basi, aiyerekeza ndi zatsopano za m'mashopu a matchaina ndipo sangakupatseni zoposa pamenepo, sikuti akukuberani, makasitomala awo safuna mbiri. Kumeneko ndi kogula, osati kogulitsa, ndipo amene amadziwa kupapasa msoko ndi kuona chidindo amatha kutola zabwino pakati pa ziwiya za kaunjika, chimodzimodzi pa maokushoni ndi pamene anthu a m'maembasi ndi mabungwe akugulitsa katundu pochoka ku Area 10 kapena 43. Mtengo wachiwiri ndi wa ogula a mumzinda omwe akufuna kukongola, eni maloji ndi malesitilanti, okongoletsa maukwati, mabanja omwe akumanga nyumba zawo. Awa amalipira bwinoko koma amafuna seti yathunthu, makapu sikisi ofanana amagulidwa kuposa sikisi osiyanasiyana, n'chifukwa chake zimandipweteka pogawana katundu wa malemu anthu akamati aliyense atengeko imodzi. Bola seti ipite kwa munthu mmodzi ena atenge zina.

Mtengo wachitatu ndi wakunja, ndipo apa pali msampha. Pa eBay, msika wa pa intaneti, aliyense akhoza kulemba mtengo womwe wafuna, kapu n'kukhala pamenepo zaka osagulidwa. Muzisankha poonetsa zomwe zagulidwa kale, pamenepo ndi pomwe pali zoona, ndipo mudzaona kuti kiristo yosema ya nthawi ya makolo athu inatsika mtengo kunjako, mabanja ambiri akugulitsa za makolo awo pomwe achinyamata safuna makapu otsuka pamanja. Ngakhale kapu yeniyeni ya m'ma 1760 ya mwendo wa timizere toyera, ikakhala yopanda zolemba zapadera, imagulidwa mapaundi mazana ochepa chabe. Zomwe zimafika mapaundi masauzande makumimakumi ndi zosowa kwambiri monga Amen glasses, makapu a otsatira banja lachifumu la Stuart omwe anagonja pa kuukira kwa 1745, odziwika sakwana 40 dziko lonse, ndipo zinthu za gulu limeneli ndi zomwe achinyengo analemba kwambiri pa makapu akale opanda kanthu. Pa mtengo womwe mwauonawo chotsanipo ndalama yotumizira, yokutira bwino, ya wogulitsira, komanso chiopsezo choti ifika itasweka, muone chotsala. Kawirikawiri wogula wa ku Area 47 amaposa wa ku London.

Nyumba zikuluzikulu za okushoni, Bonhams, Christie's ndi Sotheby's, kapena Strauss & Co ku South Africa, zimalandira zithunzi pa intaneti n'kupereka maganizo a mtengo kwaulere, koma zimasankha, seti ya Duralex sangaitenge. Pitaniko pokhapokha njira zinazo zikaloza kumodzi, chipsera chokhakhala, phazi lotambalala loperepeseka mwachilengedwe, sikelo ikuti muli mtovu, palibe msoko, kapena pali dzina lalikulu logwirizana ndi ntchito yake. Atumizireni chithunzi cha kapu yonse chammbali, cha kunsi, cha mlomo, cha chidindo, kutalika kwake ndi kutambalala kwa phazi ndi kukamwa, vuto lililonse lomwe ili nalo, ndi nkhani ya agogo ija mwachidule. Munthu wosamudziwa akakulemberani pa WhatsApp kuti tumizani kaye ndalama ya satifiketi kuti akugulitsireni kunja, musatumize.

Kubenthuka pa mlomo kumagwetsa mtengo kwambiri, mng'alu ndiye umautheratu kupatula pa zosowa zenizeni. Ena amapala mlomo wobenthuka kuti usalale, koma kapuyo imafupika, mukaimika pamodzi ndi inzake pa tebulo lowongoka mudzaiona. Zowonongeka zambiri kuno zimachitika potsuka. Tambula si poto, musaikweche ndi sitiliwulo, mchenga kapena phulusa, kamzere kagolide ka pa mlomo kakachoka sikabwerera. Madzi ofunda pang'ono, sopo wochepa, beseni la pulasitiki mutayala thaulo pansi, imodzi imodzi, ndipo popukuta musagwire phazi n'kumapotoza kumwamba chifukwa mwendo umathyokera pamenepo. Madzi owira ayi. Ikachita mbuu mkati, thiranimo viniga igone usiku, zikayera ndiye kuti anali laimu wa madzi a pa mjigo, zikapanda kuyera ndiye kuti galasi lenilenilo linadyeka, musalimbane nalo ndi mankhwala amphamvu, muuzeni wogula mmene zilili. Kumwera m'kapu ya mtovu mwa apo ndi apo pa chisangalalo si nkhani yodetsa nkhawa kwambiri, koma kusunga vinyo, burande kapena juwisi wowawasa m'botolo la kiristo masiku ambiri kumasungunula mtovu kulowa m'chakumwacho, ndipo ana ndi amayi oyembekezera apatseni tambula wamba.